Kamuzu ankayendera minda, nanga ankaonamo chiyani?

Mlimi mnzanga, February akafika, chimanga chitayamba kumasula ngayaye, akuluakulu a kuno ku Mchinji amakumbuka nyengo imene Ngwazi Dr. Hastings Kamuzu Banda ankayendera mbewu m'minda. Masiku anonso oyendera alipo. Amachokera ku makampani a fodya, kwa ogula mtedza ndi soya, ena ku mabungwe. Amafika ndi mafomu n'kumafunsa mitengo imene mwabzala, mankhwala amene mumathira ndi kumene mumawasunga, ngati ana amagwira ntchito m'munda nthawi ya sukulu, komanso ngati mtedza wanu ulibe chuku. Iwo amati akuyeza ngati ulimi wanu uli wokhalitsa, kutanthauza ulimi umene ungadyetse banja chaka chino osapha nthaka ya chaka cha mawa. Poti kuyenderedwa sikudayambe lero, tiyeni tione moyo wa munthu amene adayendera minda yambiri kuposa mtsogoleri wina aliyense m'dziko muno, tione zimene adaona ndi zimene zidamudutsa.

A Kamuzu adabadwira kwa aneba athu ku Kasungu. Boma linkakondwerera kubadwa kwawo pa 14 May n'kumati ndi a mu 1906, koma olemba mbiri ambiri amati adabadwa cha m'ma 1898. Ulimi umene adauona ali mwana udali wa makolo: chimanga, mawere, maungu, nyemba ndi mtedza m'munda umodzi, ndipo munda ukaguga ankausiya ugone tsala n'kukatsegula mphanje. Malo adalipo ambiri, anthu ochepa. Nthaka inkadzichiritsa yokha chifukwa inkapuma.

Cha m'ma 1915 mnyamatayo adanyamuka wapansi kulowera ku Southern Rhodesia, komwe adagwira ntchito pachipatala cha ku Hartley. Kenaka adapita ku South Africa n'kukagwira ntchito kumigodi. Mu 1925 adawoloka nyanja kupita ku America, ndipo mu 1937 adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College. Adakawonjezera maphunziro ku Edinburgh, adachiza anthu ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, kenaka ku Kumasi m'dziko la Ghana. Adatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958. Werengani nokha zaka zimenezi: munthu amene pambuyo pake adatchedwa Mchikumbe Nambala Wani adatha zaka zoposa 40 asadaone dzinja la kwawo.

Adapeza dziko litakwiya, ndipo china chimene chidakwiyitsa anthu akumudzi chidali kuyendera minda kumene. Kuchokera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, makamaka itapita njala ya mu 1949, boma la atsamunda lidalimbitsa malamulo amene anthu ankangowatcha malimidwe. Mizere idayenera kupingasa potsetsereka, milambala kukumbidwa, mapesi a fodya ndi thonje kuzulidwa pofika tsiku loikika, ndipo m'mbali mwa mtsinje simunkaloledwa kulima. Wolephera ankalipira chindapusa kapena kukalowa m'ndende, ndipo ena ankawazulira mbewu. Kunena monga mlangizi, zambiri mwa zimenezi zidali zoona, ndipo ndi zomwezo timakuuzani lero. Chidalakwika ndi chakuti woyendera ankabwera ngati wapolisi, osafunsa kuti mayi wamasiye akumba bwanji milambala yekha dothi litauma gwa mu October. Anthu adadana ndi mizere chifukwa adadana ndi mwini lamulo. Chipani cha Congress chidaona mkwiyo umenewu n'kuugwiritsa ntchito, ndipo alimi ochepa amene boma linkawapatsa mphotho ndi dzina la Master Farmer ankaonedwa ngati akapirikoni a azungu.

A Kamuzu adamangidwa pa 3 March 1959, adakasungidwa ku Gwelo, n'kutulutsidwa pa 1 April 1960. Chipani chawo chitapambana chisankho cha mu 1961, unduna umene adatenga udali wa zachilengedwe ndi maboma aang'ono, womwe unkayang'aniranso ulimi. Kukakamiza malimidwe kudatha, anthu adasangalala. Koma dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, munthu yemweyo adayamba kulalikira pamsonkhano uliwonse zososa msanga, kuunga mizere yopingasa, kubzala ndi mvula yoyamba ndi kupalira pa nthawi yake. Zaka zambiri za ulamuliro wawo unduna wa zamalimidwe adausunga m'manja mwawo. Ankakonda kukumbutsa anthu kuti chuma cha dziko lino chili m'nthaka, ndi kuti ufulu uyenera kuoneka pa zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha.

Pamenepa tiwapatse ulemu wawo. Sukulu ya ulimi ya Bunda idatsegulidwa m'zaka zoyambirira za ufulu. Mu 1968 idayamba ntchito yayikulu yotukula ulimi m'boma la Lilongwe ndi ngongole ya World Bank, ndipo mu 1978 dziko lonse lidagawidwa m'zigawo za ulimi, Mchinji n'kugwera pansi pa Kasungu ADD monga zilili mpaka lero. ADMARC, imene idalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, idafika pokhala ndi misika yoposa 1,000, moti mlimi wa ku Mkanda kapena ku Kapiri ankagula feteleza ndi kugulitsa mtedza wake pafupi, pa mtengo womwewo umene mnzake wa pafupi ndi tauni ankalandira. Njanji idafika ku Mchinji mu 1980. Chilala cha m'ma 1980 chitatikakamiza kuitanitsa chimanga kunja, adamanga nkhokwe zija mumaziona pa Kanengo. Mlangizi ankadziwika m'mudzi, njinga yake inkaoneka. Amene amakumbuka nthawi imeneyo ndi chisoni sakulota ayi.

Tsono kuyendera mbewu kuja kunkayenda motere. Chaka ndi chaka, mbewu zili pakati pa kukula, a Ngwazi ankazungulira zigawo zonse zitatu. Tsiku linkadziwika kale. Akuluakulu a chipani ndi a zaulimi ankasankhiratu minda yoti akaione, msewu unkakonzedwa, ana a sukulu ankandandalika m'mbali mwake, amayi a mbumba atavala nsalu ya nkhope yawo n'kumavina. Iwo ankatsika galimoto atavala suti ndi chipewa, litchowa lili m'manja, n'kulowa m'munda wa chimanga chobiriwira bii, chotalika kuposa munthu. Ankayamikira mwini munda, n'kupita kumsonkhano kukauza dziko kuti chaka chino kuli chakudya.

Kodi munda umene adalowamowo udali wa yani? Kawirikawiri udali wa mchikumbe, mlimi wa malo okulirapo, wa m'kalabu, wolandira ngongole ya feteleza ndi mbewu ya haibulidi. Kuseri kwa munda umenewo kudali minda ya anthu ambiri amene sadali m'kalabu iliyonse, chimanga chamakolo chachikasu, kaufiti atamera mbwee, eni ake ali kuganyu m'munda wa mchikumbe yemweyo kuti apeze chakudya cha tsikulo. Galimoto sinkakhotera kumeneko. Ndipo ndani akadalimba mtima kunena kuti m'mudzi muli njala? Idali nthawi imene munthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, nthawi imene nduna zitatu ndi phungu mmodzi adaphedwa ku Mwanza mu 1983. Woyendera amene aliyense akumuopa amangoona zimene eni ake afuna kuti aone. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyererezo zidaonekera pa sikelo ya ana: kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 1992 adapeza kuti pafupifupi theka la ana osakwana zaka zisanu lidali lopinimbira, m'dziko limene chaka chilichonse linkamva kuti nkhokwe zadzaza.

Nkhani ya fodya ndiyo imakhudza Mchinji kwambiri, choncho tiimepo pang'ono. Azungu a ku Rhodesia atadzitengera ufulu mu 1965, maiko adaletsa kugula fodya wawo, ndipo ogula adayamba kuyang'ana kwathu kuno. A Kamuzu adaona mwayi. Lamulo la malo la mu 1965 linkalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a lizi, ndipo iwo adalimbikitsa nduna, aphungu, akuluakulu a chipani ndi a boma kutsegula maesiteti. Iwo eni, kudzera ku Press Farming ndi General Farming, adakhala mlimi wamkulu wa fodya m'dziko muno. Maesiteti adali mazana awiri ndi pang'ono mu 1970. Pofika 1989 adapitirira 14,000, ambiri mwa iwo ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Lilongwe. Mukamayenda lero n'kuona mabani akugwa pakati pa tchire, dziwani kuti ndi zotsalira za nthawi imeneyo.

Ndalama zomangira maesitetiwo zidachokera kuti? Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wa m'mudzi kulima fodya wa burley ndi wa flue-cured, amene adali ndi mtengo wabwino ku okushoni. Iye ankaloledwa fodya wa chikopa, mtedza, thonje ndi chimanga, ndipo wogula adali mmodzi, ADMARC. Pa fodya wa chikopa, mtengo umene mlimi ankalandira nthawi zambiri sunkafika ndi theka lomwe la mtengo umene ADMARC inkagulitsira. Akatswiri awiri a zachuma, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, adaonetsa mu 1982 kuti phindu limeneli, m'malo mobwerera kwa alimi aang'ono, lambiri linkathera ku maesiteti ndi ku makampani a Press. Kunena mwachidule, agogo anu amene ankapanikiza chikopa ndi kusenda Chalimbana usiku ndi amene adathandiza kumanga esiteti imene idatseka njira yawo ya kudambo. Esitetiyo poiona patali inkaoneka ngati bizinesi yoyenda bwino, koma mwendo wake umodzi udaponda pamsana pa wina. Mitengo ya fodya itagwa ndi ngongole zitakwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, maesiteti ambiri adalephera kubweza ngongole kubanki, ndipo Press yomwe idachita kupulumutsidwa ndi boma.

Palinso matenanti. Mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi kwina ankatengedwa pa lole kudzalima burley kuno. Ankalandira chimanga ndi feteleza pa ngongole, mwini esiteti n'kudzadula pogula fodya wawo pa mtengo umene iye yekha waika, ndipo ambiri ankatsala opanda ngakhale ya basi yobwerera kwawo. Ana awo ankasoka fodya m'malo mopita kusukulu. Pa tsiku loyendera palibe amene ankatsegula kope la ngongole la tenanti. Funso limene silidafunsidwe nthawi imeneyo lidadzafunsidwa ndi alendo: mu November 2019 dziko la America lidayamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi yolemba ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti m'malamulo a ntchito. Mukamadabwa kuti mnyamata wa kampani akufunsiranji za ana anu, gwero lake ndi limeneli.

Nanga mitengo? A Kamuzu adakhazikitsa tsiku lobzala mitengo mu 1976, ndipo lizi ya esiteti inkalamula kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a malo likhale la mitengo. Pa pepala zidali bwino. Koma fodya wa flue-cured amadya nkhuni usana ndi usiku, burley amafuna mapolo ndi mphanda za zigafa chaka ndi chaka, ndipo kudali kosavuta kutumiza thirakitala kukadula msuku, muwanga ndi tsamba m'nkhalango ya mudzi kusiyana ndi kudikira bulugama zaka zisanu. Ochepa ndi amene adasunga lamulo lija, ndipo ochepanso ndi amene adalandidwa lizi chifukwa cholinyozera. Zotsatira zake mukuziona m'mbali mwa Bua ndi Rusa mvula ikagwa yambiri: madzi ofiira, ndiye dothi lanu likupita kunyanja limenelo.

M'minda ya anthu wamba namo nthaka inkatopa mwakachetechete. Kalembera wa mu 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni. Wa mu 1987 adapeza pafupifupi 8 miliyoni. Anthu adachuluka kawiri, malo ambiri abwino atalowa lizi. Tsala lija la ubwana wa a Kamuzu lidatha. Uphungu wa nthawiyo udali wa chimanga pachokha, mizere yotalikirana masentimita 90, mbewu zitatu paphando, feteleza wa 20:20:0 ndi CAN. Kusakaniza mbewu kunkaonedwa ngati ulimi wachikale, ndipo mapesi ankatenthedwa kuti munda uoneke waukhondo. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chimenecho, koma sabwezera chonde chimene chimachokera ku zinyalala zowolerana. Munda ungathe kubiriwira zaka khumi zotsatizana uku pansi ukufa, ndipo diso la mu February silingaone zimenezi. Ngakhale haibulidi amene ankalimbikitsidwayo amayi sadamukonde: ankafumbutuka mumtondo pokonola, ndipo anankafumbwe ankamumaliza m'nkhokwe. Zidatengera akatswiri a ku Chitedze kutulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, chimanga cholimba chokonoleka ngati chamakolo, kuti alimi aang'ono ambiri ayambe kuchilandira. Akadafunsidwa msanga amayi a pamtondo, zaka zambiri sizikadatayika.

Mtedza, mbewu yathu ya ku Mchinji, udaphunzitsa phunziro lake. M'zaka za m'ma 1970 Malawi ankatumiza Chalimbana wambiri ku Britain. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 msika umenewu udali utatsala pang'ono kutheratu. Mtengo wa ku ADMARC udafooketsa alimi, ndipo ogula a ku Ulaya adakhwimitsa malamulo pa poizoni wa chuku, amene saoneka ndi maso ngakhale mtedza ukhale wonenepa bwanji. Zidatenga zaka kuti tibwererenso pamsika umenewo. Alimi a bungwe la MASFA kuno ku Mchinji, pansi pa NASFAM, adalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004, ndipo chidawatsegulira khomo ndi kuvomera kuti mtedza wawo uziyezedwa ndi makina, komanso kuti mabuku a gulu aziunikidwa ndi munthu wapadera. Inu amene mumanyowetsa mtedza kuti usendeke msanga, kapena kuuyanika padothi, chuku chimayambira pomwepo.

Chimene chidaulula zonse ndi chilala cha mu 1992. Makalabu a ngongole ankatchuka kuti amabweza kuposa 90 pa 100 iliyonse, ndipo alendo ankabwera kudzaphunzira. Koma kubweza kumeneko kudali ndi mantha mkati: wolephera ankalandidwa mbuzi, njinga, ngakhale malata a padenga. Chilala chitapsereza chimanga, ndale za zipani zambiri zitachotsa mantha, anthu adaleka kubweza, ndipo bungwe la ngongole la SACA lidagwa pasanathe zaka ziwiri. Pa referendamu ya pa 14 June 1993 Amalawi adasankha zipani zambiri, ndipo mu May 1994 a Kamuzu adagonja kwa a Bakili Muluzi n'kuvomereza. Burley adali atayamba kale kuloledwa kwa alimi aang'ono kuchokera mu 1990. A Ngwazi adamwalira m'chipatala ku Johannesburg pa 25 November 1997, ndipo adaikidwa ku Lilongwe, kumene manda awo adamangidwa bwino mu 2006.

Ine ndimaona kuti a Kamuzu adachita bwino kutsika galimoto n'kuponda dothi. Mtsogoleri amene amalowa m'munda amachititsa kuti mlangizi, mfumu ndi wogulitsa feteleza adzuke m'mawa. Koma ankafika mwezi umodzi wokha, pa munda wosankhidwa, ndi funso limodzi: kodi chabereka? Oyendera a lero ali ndi mafunso ambiri, koma nawonso akhoza kunamizidwa chimodzimodzi. Tonse tikudziwa za mbande zobzalidwa dzulo lake la kuyendera n'kuuma sabata yotsatira, ndi ana obisidwa kuseri kwa chigafa galimoto ikamveka. Fomu imadzaza, kampani imakalemba kuti zonse zili bwino, koma chigwembe m'munda chikukulabe. Ndipo nanunso muli ndi ufulu wofunsa woyenderayo: kodi mtengo umene kampani yake ikupereka, mutachotsa ngongole ya zipangizo, ukukwanira kulipira waganyu wamkulu kuti mwana apite kusukulu? Funso limeneli lifunseni pamsonkhano wa kalabu, lilembedwe.

Boma la Mchinji lidali ndi anthu oposa 600,000 pa kalembera wa mu 2018, ndipo mphanje yoti mukatsegule kulibe. Choncho munda umene muli nawowo uyendereni nokha, ndipo osati mu February mokha. Pitani mu September kapena October, munda uli mbee. Tengani khasu mukumbe pakati pa mizere, pamene mapazi ndi madzi zakhala zikudutsa zaka zonsezi. Mukapeza dothi lolimba ngati simenti musadafike kuya kwa chikhatho ndi theka, mizu ya chimanga chanu imathera pamenepo, ndipo mvula ikadula sabata ziwiri chimafota msanga. Nandolo ndi mitengo ya gliricidia zimathandiza kuboola. Fumbatani dothi la pamwamba, muone ngati lili lakuda ndi lonyenyeka kapena langotsala mchenga woyera. Onani pamene kaufiti adachuluka, pakuti amakonda nthaka yoguga, ndipo chigawo chimenecho chaka chino chipatseni mtedza kapena soya. Yendani m'malire muwerenge mitengo imene yapulumuka chilimwe, osati imene mudabzala. Misangu ing'onoing'ono yomera yokha musaidule. Imagwetsa masamba nthawi ya dzinja ndipo chimanga cha pansi pake mumachidziwa kale. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, tulukani ndi ambulera mukaone kumene madzi akuthyola mizere, kuti mudziwe poika akalozera ndi vetiva.

Mukabwerera kunyumba tsegulani kope. Lembani matumba amene mudakolola pa ekala, matumba a feteleza amene mudathira kuti muwapeze, ndi ngongole imene yatsala. Chaka chamawa mulembenso, ndi chinacho. Ngati feteleza akukwera koma matumba ali pomwepo, nthaka ikukuuzani kuti ikufuna manyowa ndi kasinthasintha. Kenaka funsani amene amatapa chimanga m'nkhokwe tsiku ndi tsiku kuti cha chaka chatha chidatha mwezi uti, ndipo mwezi umenewo muulembenso m'kopemo.